Kumpoto Si Kudenga, Esnati

Mnkhanya
Lachinayi masana

Esnati mwana wanga,

Wapita pa njinga ku Kakumbi kukatsazika azakhali ako, ndiye ine ndapeza mpata. Ndatulutsa tebulo panja, pansi pa mtengo wa bwemba, chifukwa m'nyumba zilembo zimandithawa. Usaseke kukula kwa zilembozi, ndikulemba ngati ndili pa bolodi kuti inenso ndizizione. Ndasankha Chinyanja cha kusukulu chifukwa Chikunda chathu ndi cha pakamwa, ndipo pakamwa iwe umandiposa. Dzulo ndinayesa kukuuza zimenezi pamaso, unandidula mawu, unalira, ine ndinapsa mtima, tinakagona osalankhulana. Pano sundidula, uwerenga mpaka pansi.

Nkhani ndi imodzi. Boma lakupatsa sukulu kumadzulo, ku chigwa cha Zambezi kwa Alozi, ndipo basi yako inyamuka mawa m'mamawa. Iwe ukuti katundu wamanga, inde, koma mwina sukwera. Unati, "Atate, maso anu agwa ng'ala, amayi kulibe, njovu zikalowa m'munda mudzaziona bwanji? Malowo apatse wina." Ndipo adzampatsadi wina, Esnati, ukapanda kukaonekera Lolemba. Ukudziwa wekha mmene unadikirira, satifiketi ya uphunzitsi ili gone m'sutikesi, anzako akuitanidwa iwe ukutola thonje. Ine ndikuti ukwere. Zambiri zimene ndilembe pano ndi za ntchito, za mmene ungaphunzitsire ana za dziko, poti ndicho chuma chokha chimene ndili nacho chokupatsa. Koma pansi pa zonsezo mawu ndi omwewo, ukwere basi.

Ndiyambe ndi mapu. Chaka changa choyamba cha uphunzitsi, ndili mnyamata wa tayi ndi nsapato zopukuta, anandipatsa Giredi faifi. Phunziroli ife tinkalitcha jogalafe, inu munalilowetsa mu Sosho Sitadizi, koma dziko ndi lomwe lija. Sukulu inali ndi mapu amodzi a Zambia, aakulu, ansalu, amene ahedi athu a Sakala ankawasunga mu ofesi ngati suti ya ukwati. Ndinawabwereka, ndinakhoma msomali pamwamba pa bolodi, ndinawapachika. Teremu yonse ndinaimbitsa ana ndi ndodo m'manja: kumpoto uku, kumwera uku, kum'mawa uku, kumadzulo uku. Ankayankha mokoma, ine n'kumadzimva kuti ndine katswiri. Tsiku lina kunabwera insipekita woyendera sukulu pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anakhala kumbuyo, anamvetsera, kenako anaimirira n'kunena kuti, "Ana inu, tandilozerani kumpoto." Esnati, manja onse anakwera nthawi imodzi, zala zonse kuloza kudenga! Kudenga, kumene kunali mileme ndi zisa za mavu. Bamboyo anayang'ana m'mwambamo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, ndiye kuti ku Mbala, kumpoto kwa dziko lino, timapita pa makwerero?" Ine thukuta kamukamu. Anawo sanalakwe, teremu yonse ankandiona ndikuloza m'mwamba.

M'mawa mwake ndinatsitsa mapuwo, ndinatuluka nawo panja, ndinawayala pa mchenga n'kutsindira miyala m'makona. A Sakala anatsala pang'ono kukomoka. Ndinawatembenuza mpaka mbali ya kum'mawa inayang'ana kumene dzuwa linkatulukira, ndipo ya kumadzulo inayang'ana ku Muchinga, mapiri aja amene amalandira dzuwa lathu likatopa. Ana anazungulira, anagwada. Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Dziko limene linkalendewera pa msomali linagona pansi n'kulumikizana ndi dothi limene anapondapo, moti munthu ukanatha kutsika pa nsaluyo, kudutsa pabwalo, kulowa m'tchire la tsanya, n'kumangopitabe mpaka ku Tanzania. Wamva, mwana wanga? Mapu uziwayala pansi. Ukapeza ahedi okonda katundu wa sukulu kuposa ana, uwapepese, uyambe wayala chitenje chako, koma mapuwo agone pansi ndithu.

Iwenso unandichititsa manyazi ndi mapu omwewo, kaya ukukumbukira. Unali usanayambe sukulu, unkanditsata m'kalasi ndi bango la mango m'manja. Unafunsa kuti, "Atate, ife tili pati?" Ndinaika chala pamene payenera kukhala Mnkhanya, koma panalibe dzina, panali utoto wobiriwira chabe. Unati, "Chotsani chala ndione." Ndinachotsa. Unayang'anitsitsa, unalira kuti atiiwala. Madzulo ake amayi ako anandikalipira, amvekere, "Munthu wamkulu, mwalephera kungojambulapo kanyumba?" Kuyambira pamenepo sindinayambenso ndi Zambia, ndinkayamba ndi pamene tili. Phulusa linkakhala msewu, timitengo mitsinje, chigoba cha nkhono tchalitchi, nthanga za bwemba nyumba, ndipo mwana aliyense ankaika yekha nthanga ya kwawo. Ankakangana, eee! "Nyumba yanu siili pamenepo, ili kuseri kwa chigayo!" Mkangano umenewo usauletse, ndilo phunzirolo. Silabasi imanena zomwezo, kuti uyambe ndi kunyumba, kenako mudzi, boma, chigawo, dziko, koma aphunzitsi timathamangira kumapeto chifukwa kumapetoko ndi kumene kuli mayeso.

Kumene ukupitako, mwana wosadziwa pamene ali udzakhala iweyo. Usachite nazo manyazi. Sabata yoyamba usatsegule buku, ufunse maina. Mtsinje uwu mumautcha chiyani, mphepo iyi imachokera kuti, njira iyo ikupita kwa yani. Ukapotoza Chilozi adzaseka mpaka kugwa m'mabenchi, uwalole aseke, mwana amene wakuphunzitsa mawu amodzi sakukanira khumi ako. Buku lidzakuuza kuti kusefukira kwa madzi ndi tsoka, ndipo kwa ife ndi tsokadi, mtsinje wa Lupande ukadzaza timagona m'kalasi ndi mbuzi. Koma ndimamva kuti kumeneko madzi amawayembekezera ngati mlendo wa chaka ndi chaka, amakweza katundu m'mabwato kupita kumtunda, akaphwa amabwerera. Kaya ndi zoona zonse, ine ndinangowerenga. Ukaone wekha, ndipo usakaphunzitse ana kuopa chinthu chimene makolo awo amakhala nacho bwinobwino. Koma kuti ukaone, Esnati, pafunika ukwere basi ija.

Usanamizire kuti unaona chimene sunachione. Ine ndinaphunzitsa za sinowo mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi kutentha, ana akuwodzera, ntchentche nazo zitatopa kuuluka. Mtsikana wina wa kutsogolo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, sinowo imaoneka bwanji?" M'malo monena kuti sindinaione, ndinakhosomola, ndinakonza tayi, ndinati ndi thonje lenileni, loyera, lofewa, logwa lokha kuchokera kumwamba kudzaza minda ndi madenga. Ndinalankhula ngati munthu amene anaipondapo. Pa mayeso ndinafunsa ntchito za anthu a ku Ulaya nthawi yozizira. Ndikuchonga mapepala pakhonde ndinangoti, kalanga ine! Kalasi pafupifupi yonse inalemba kuti amatola sinowo, kulongedza m'mabelo, n'kudikira galimoto ya kampani. Wina anawonjezera kuti azungu ndi olemera chifukwa thonje lawo silifuna kupopera mankhwala. Amayi ako anaseka mpaka kugwira nthiti, sabata yonse ankandifunsa mtengo wa sinowo chaka chino. Ndinabwerera m'kalasi n'kunena kuti, "Ana inu, chinthucho ine sindinachione, akuti ndi madzi ouma ndi kuzizira, tiyeni tiganizire limodzi." Anamvetsera bwino kuposa tsiku limene ndinanama. Koma ndikuuze, mpaka lero ndikatseka maso ndimaiona momwemo, thonje likugwa pang'onopang'ono pa Mnkhanya, pa madenga, pa misana ya njovu, popanda phokoso, anthu atatuluka m'nyumba manja ali tambasu.

Ndege ya masana yangodutsa kumene pamwamba pa bwemba, kutsikira ku bwalo la Mfuwe. Sindinaione, ndangoimva, ndi kamthunzi kamene kathamanga pa pepalali. Kale ikadutsa chonchi ndinkaimitsa phunziro, poti ngakhale ukanapitiriza palibe akanakumva. Tinkatuluka tonse, makosi m'mwamba, ine n'kufunsa kuti, "Yachokera mbali iti? Yadutsa pamwamba pa chiyani?" Ana ankatchula mitsinje, mapiri, matauni, ena oona ena opeka, mpaka ndege ija inkapezeka kuti yachokera ku India kudzera ku Petauke. Anthu a m'menemo amabwera kudzaona njovu zimene zimatidyera mapira, ife tili pansi kulota za kwawo. Ine ndinaphunzitsa nyanja ya mchere, zipululu, mapiri olavula moto, sitima zazikulu kuposa sukulu yathu, zonsezo ndi choko, phazi langa osapondako. Sindikudandaula ai. Masana otentha, ana akulemba, ndinkatsamira pawindo n'kunyamuka. Ndafika kutali, Esnati, ndili chiimire pa simenti yong'ambika ya Giredi faifi. Koma mumtima ndinkati, mwana wanga mmodzi yekhayu amene Mulungu anatisiyira adzapita ndi miyendo.

Ulendo wanga wautali unali umodzi, wa ku Lusaka ku msonkhano wa aphunzitsi, ndipo ndinauwononga ndekha. Sabata yonse ndinalonjeza ana kuti ndikaona Luangwa wathu pa mlatho waukulu wa pa msewu wa ku Lusaka, kumene amapanikizika pakati pa mapiri, ndipo ndidzawauza mmene amaonekera akakula. Ndinagula ndi pensulo yatsopano yojambulira. Pa Nyimba ndinadya nthochi mopanda ulemu, basi inkagwedeza bwino, mayi wa pambali panga ankang'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndinadzidzimuka anthu akukulunga nsomba zouma m'manyuzipepala, fungo lili guu. Ndinafunsa kuti, "Pa mlatho tifika nthawi yanji?" Basi yonse inaseka, mayi uja mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. Pobwerera tinadutsapo kuli mdima, ndinangomva matayala akusintha kaliridwe. Ana atandifunsa ndinanena zoona, ndipo chaka chonse ankandinena kumbali kuti Aphunzitsi Atulo. Ndiye iwe ukhale kuwindo. Foni uiike m'chikwama. Uone mmene msewu ukukwerera kuchoka m'chigwa, mmene tsanya akuthera n'kuyamba mitengo ina, mmene mphepo ikuzizirira, mmene dothi likusinthira mtundu. Limenelo ndi buku lonse la Giredi sikisi likudutsa pa galasi. Usagone pa mlatho, ndakupempha.

Zina ndi zazing'ono. Usamenye mwana chifukwa waiwala likulu la dziko limene ngakhale iwe sudzapitako. Amene ine ndinawakwapulira malikulu lero ndi azibambo a ndevu, amandipatsa moni pa msika, "Mwaswera bwanji aphunzitsi," koma likulu la Kanada sakulidziwabe. Dula botolo la pulasitiki uliike pabwalo, ana aziyeza mvula okha, ungowachenjeza kuti mbuzi zimamwa. Zika ndodo pakati pa bwalo, azilemba pamene mthunzi wafika m'mawa, masana ndi poweruka, adzaona okha kuti dziko likutembenuka pansi pa mapazi awo. Mpira wa dziko ukapanda kuupeza, chipanda chozungulira chimagwira ntchito, koma uchipachike pa waya, changa chinadyedwa ndi makoswe kuyambira ku Ositireliya. Chipewa uzivala. Ndipo akadzabwera mnyamata wa kumeneko ndi mawu okoma, umutulutse panja umuuze aloze kumpoto. Akaloza kumwamba usamutaye, ubwere naye ndidzamuphunzitse, ena timachedwa kumva. Ukuona, ine ndayamba kale kukonza za ukwati, ndiye usandichititse manyazi ndi kutsala.

Tsopano ndikuuze za mtsinje, ndipo apa umvetsere bwino chifukwa ndi za iwe ndi ine. Ndili mwana, kwa amalume ku Kakumbi, panali gombe lina pansi pa mtengo wa mvunguti pamene tinkakhala kuonera mvuu. Nditakhala mphunzitsi ndinafuna kuonetsa ana anga Luangwa weniweni, osati kachingwe kabuluu ka m'buku. Ndinapempha chilolezo, ndinapeza sikauti wolondera nyama, wa mfuti, wotiperekeza, thirakitala ya munthu wina inatinyamula. Titatsika ndinatsogola monyada, poti njira ndinkaidziwa, ndikuti, "Mukangodutsa mvunguti uwo muona." Tinadutsa mvunguti. Esnati, mtsinje panalibe. Panali thamanda lopindika ngati nyanga ya njati, madzi ali duu, atakutidwa ndi masamba obiriwira, timbalame ta miyendo yaitali tikuyenda pamwamba pake osamira. Zaka zimene ine ndinali ku koleji ndi ku ntchito, Luangwa anali atadula njira ina. Anali uko kutali kuseri kwa mchenga, tinkangomva mvuu zake zikuseka. Ndinaima ngati munthu woberedwa njinga. Kenako ndinakhazika ana pansi pomwepo, ndinatola kamtengo, n'kuphunzitsa phunziro limene sindinakonzekere, lakuti mtsinje umadya gombe ili n'kulavula mchenga gombe ilo, mvula ndi mvula, mpaka tsiku lina umasiya bondo lake lakale n'kudutsa pena. Tinakhala pamenepo mpaka mithunzi inatalika, palibe anafunsa za chakudya. Mwa maphunziro onse amene ndinalemba mu pulani, palibe linafika pa limenelo.

Iwe ukuganiza kuti ukatsala zinthu zidzakhala mmene zilili, atate pa mpando wawo, munda uli pomwepo, iwe pakati kutigwirizira. Sizidzatero. Ukhale usakhale, maso awa apitirira kuchita nkhungu, mawondo apitirira kulira, ndipo tsiku lina udzafika pa mpandowu n'kupeza kuti ndasuntha. Sungandiimitse pokhala pafupi nane. Chimene ungaimitse ndi moyo wako wokha, ndipo chimenecho ndikukana.

Ndikudziwa chifukwa njira imeneyo ndinaiyenda. Ndisanakwatire amayi ako anandiitana ku maphunziro owonjezera, kutali ku migodi, kuti ndikatha ndizikaphunzitsa jogalafe ku sekondale. Agogo ako aakazi anali atangodwala chifuwa, ine ndinati sindingasiye amayi. Ndinakana mwaulemu kwambiri, ndikudzimva kuti ndine mwana wabwino. Agogo akowo anachira mwezi womwewo. Anakhala zaka zambirimbiri pambuyo pake, akulima okha, akugenda anyani ndi miyala, ndipo nthawi iliyonse ndikawadutsa pakhonde ankati, "Iwe ukadali pompano? Anzako ali ku tauni, iwe ukungondipingapinga m'miyendo ngati nkhuku." Zikomo sananene ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanalakwe, poti sanandipemphe. Ndinawasenzetsa mtolo umene sanaufune, woti mwana wawo anatsala chifukwa cha iwo. Moyo wanga sunaipe ai, ndinapeza amayi ako, ndinapeza iwe. Koma mtolo umenewo lero wafika pakhomo langa, ndinaunyamula pang'ono dzulo ndinaumva kulemera kwake, ndipo sindiusenza. Ng'ala ndiipirira. Koma kumakumva ukutsuka mbale zanga kuseri, ana a eni ake akuphunzitsidwa ndi wina m'kalasi imene inali yako, zimenezo sindingapirire.

Za njovu usade nkhawa ngati kuti maso anga ndiwo ankazithamangitsa. Njovu siziopa maso a munthu, zimaopa phokoso ndi utsi wa tsabola, ndipo chitini ndimachimenyabe kuposa anyamata. Komanso ndagonja kale. Azakhali ako a Tisiyenji akhala akundinyengerera kuti mvula ikayamba ndikakhale kwawo, ndipo Lamlungu ndinavomera. Mwina akuuza kale pamene ndikulemba pano, pakamwa pawo paja sipasunga kanthu. Munda ndabwereketsa a Mwale oyandikana nafewa, adzandigawira zokolola. Ku chipatala anati ng'ala ikakhwima amaichotsa, madokotala a maso akabwera ku Chipata. Mwina ndidzaonanso, mwina ai, sindikulonjeza. Ndikuopa, Esnati, ndisakunamize. Ndikuopa tsiku limene ndidzalephere kusiyanitsa m'mawa ndi madzulo. Ndikuopa nyumba ya azakhali ako, wailesi tsiku lonse, ndi malamulo awo a nthawi yosamba. Ndidzakusowa kwambiri, makamaka dzuwa likapendeka, nthawi imene umandiwerengera nyuzipepala yakale n'kumadumpha dala nkhani za ndale poganiza kuti sindikuzindikira. Koma mantha amenewa ndi anga, ndawapeza ndekha pokalamba. Usawalongedze m'sutikesi mwako, muli kale zinthu zambiri.

Ukafika uziimba foni, koma usandifunse ngati ndadya, ndidzadula. Undiuze za dothi, ngati ndi zoona kuti ndi mchenga woyera mpaka pakhomo la kalasi. Undiuze kumene dzuwa limalowera kopanda Muchinga woti alilandire. Undiuze mmene chigwa chimadzazira, ngati madzi amabwera ndi mkokomo kapena amangokwera mwakachetechete m'udzu. Ine ndidzakhala pakhonde la azakhali ako nditatseka maso, ndipo ndidzaziona bwino kuposa iweyo. Dzana ndinalota ndili m'bwato, amayi ako akupalasa, atavala duku lawo lachikasu lija. Tinkatsika ndi Luangwa, osathamanga, magombe akudutsa, mbalame zofiira zikutuluka m'maenje mwawo. Maso anga anali bwinobwino, ndinkaona ngakhale nyerere pa bango. Tinafika pamene Luangwa amalowa mu Zambezi, madzi athu ofiira, a winayo obiriwira, akuyenda limodzi osafuna kusakanizika. Pamwamba pa obiriwirawo pankayandama kafumbi koyera. Amayi ako anaviika dzanja, ananunkhiza, amvekere, "Ndi choko. Awa achokera kwa Esnati, wachapa dasitala yofufutira bolodi." Ndinadzuka ndikuseka, pilo atanyowa. Ndipo si maloto okha, ukayang'ane pa mapu. Zambezi wako amatsika, amazungulira dziko lonse la kumwera, amadzakumana ndi Luangwa wathu, n'kupitira limodzi ku Mozambiki mpaka ku nyanja ya mchere. Ukawaphunzitse ana ako zimenezo, ukawauzenso kuti kumtunda kwa mtsinje winawo kuli nkhalamba ina yovuta imene imawapatsa moni.

Dzuwa lapendeka, zilembo zayamba kusungunuka, ndipo posachedwa ndimva belu la njinga yako. Kalatayi ndiika pamwamba pa sutikesi. Uiwerenge lero lomwe, usadikire za m'basi. Tikamadya usaitchule, tingokamba za azakhali ako ndi nkhuku zawo, chifukwa ukaitchula ulira, ine ndipsanso mtima, ndipo sindikufuna kuti tsiku lomaliza lithe ngati dzulo.

Mawa ndidzakuperekeza ku msewu. Ndidzavala jekete, ndidzanyamula kachikwama kakang'ono kaja, ndipo usandilande. A Mwale adzandibweza kunyumba, tapangana kale. Basi ikafika padzakhala chipwirikiti, makondakitala kukuwa, anthu kukankhana, fumbi, utsi. Ine sindidzaona ngati wakwera. Usavutike kundikwezera dzanja pawindo, silidzandifika. Ndidzaima pomwepo mpaka kulira kwa injini kutathera ku njira ya ku Chipata, mpaka nditayambanso kumva njiwa. Kenako ndidzaitana dzina lako, kamodzi, mokweza, mmene ndinkakuitanira ukachedwa kosewera.

Mwana wanga, chibadwire sunandisiyepo ndikuitana osayankha. Mawa usayankhe.

Ndine,
Atate ako